Tsiku limene ndinathamangitsa aneba m'rauta

Masiku ano ndikamadutsa pampopi wa mumpanda mwathu ndimayenda mofulumira, mutu uli pansi, ngati ndatumidwa. Aneba anga ndi anthu abwino ndipo anandikhululukira. Kuiwala kokha ndiye sanaiwale. Nkhani yake yafika kale kumsika itapindikapindika (ena akuti ndinaitana apolisi, zimene si zoona), choncho ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha mmene inayendera, ngakhale kuti kuifotokoza moona sikundikometsa kwenikweni.

Timachita lendi ku Area 25, chakumunsi kufupi ndi dambo. Mumpanda mwathu muli ife, muli a Brian oyendetsa minibasi, muli mayi Ethel ogulitsa kaunjika, komanso a Wanangwa, mayi wa ku Rumphi wosakonda zoyankhulayankhula, amene amatuluka m'mawa ndi chikwama chakumsana n'kubwera madzulo. Ndinkangomva kuti amagwira ntchito za makompyuta, ndipo m'mutu mwanga za makompyuta zinkatanthauza kutayipa makalata ndi kupanga fotokope. Ine ndimagulitsa simenti, misomali ndi penti mushopu ina m'tauni. Chingerezi ndimachimva ndithu, makamaka chikakhala cholembedwa pachitini.

Malo athuwa netiweki ya foni imavuta. Ukafuna kuyankhula bwinobwino umakaima pageti, nkhani zako zonse n'kumamvedwa ndi odutsa mumsewu. Ndiye mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni anatibweretsera rauta, kabokosi kakuda ka nyanga ziwiri, kolowa simu khadi mkati. Anakwera padenga n'kumangapo mlongoti, anatsitsa waya mpaka pabalaza, ndipo kuyambira tsiku limenelo intaneti inayamba kupezeka mpaka kubafa. Pochoka anandikokera pambali.

“Alamu, muno ndachotsamo pulogalamu imene kanabwera nayo, ndaikamo ina yamphamvu. Pasiwedi yolowera mkati ndi iyi. Koma musamalowemo.”

Ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo kwa miyezi ingapo sindinalowemo. Kabokosi kaja ndinkakaopa mwaulemu. Ndinkatha kukhala pampando n'kumangoyang'ana timagetsi take tikuphethira, ndikudzifunsa kuti zimatheka bwanji kuti nkhope ya munthu amene ali ku Joni ilowe m'nyumba ya zitseko zotseka, idutse khoma la njerwa, n'kudzatulukira m'manja mwanga ikuseka. Mayi a Tadala, akazi anga, anakayalira kansalu koluka pansi pake. Tinkakapukuta fumbi tisanapukute wailesi yakanema.

Chimene chinandisokoneza chinali bandulo. Tinkagula ya mwezi wonse, koma inkatha mwezi uli pakati. Mnzanga wina wa kushopu atamva kudandaula kwanga anangoseka.

“Aise, akukubera aneba. Ulowe m'rautamo, upeze pamene alemba kuti Devices. Mafoni onse amene akuyamwa intaneti yako amaonekera pamenepo ndi maina awo.”

Mawu amenewa anakhala mumtima mwanga ngati kamwala munsapato.

Tsono mayi a Tadala ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo nthawi imeneyo ankachita maphunziro a dipuloma pa intaneti. Loweruka lina masana anali ndi mayeso omaliza, aja olemba kamera ya laputopu ikukuyang'ana. Lamulo lake linali loti ukachedwa kulowa, udikire chaka chamawa. Anali atavutika nawo maphunzirowa, kuwerenga atatopa ndi ntchito, kukana maukwati ndi misonkhano ya chigwirizano. Mwana tinamutumiza kwa azakhali ake ku Kawale kuti m'nyumba mukhale zii. M'mawa wa tsikulo iwo ali kuchipinda kubwereza zolemba zawo, ine ndinaganiza zowachitira chinthu chachikulu monga mwamuna wawo: kuchotsa akuba onse kuti msewu wa mayeso ukhale woyera. (Ndikufuna mfundo imeneyi muisunge. Cholinga changa chinali chabwino.)

Ndinatenga foni, ndinalemba manambala amene mlamu anandisonyeza, ndinalowetsa pasiwedi, ndipo chitseko chinatseguka. Abale, zimene ndinaona mkatimo! Ndinkayesa kuti mukhala batani loyatsira ndi lozimitsira basi. Koma munali dziko lathunthu. Timizere tinkakwera ndi kutsika tokha ngati makina oyezera mtima kuchipatala. Manambala ankathamanga osapuma. Kabokosi kankadziwa nthawi, kankadziwa kuti kakhala maso kwa masiku angati, kankadziwa ngakhale mphamvu ya nsanja ya netiweki imene ine sindinaionepo ndi maso. Ndinadzipeza nditakhala mowongoka ngati ndili muofesi ya bwana.

Nditafufuzafufuza ndinapeza mawu awiri ataimikidwa moyandikana: Interfaces ndi Devices. Loyambalo sindinalidziwe. Lachiwirilo ndi limene ndinkasaka. Ndinadina.

Anatuluka maina, wina pansi pa mnzake. Woyamba: br-lan. Wachiwiri: eth0. Kenako wlan0 ndi wwan0.

Ndinayang'anitsitsa. Pasikirini yaing'ono ya foni, br-lan ndi Brian ndi chinthu chimodzi, kungoti munthuyo waikapo kamzere pakati kuti adzibise. Nanga eth0 angakhale ndani, ngati si Ethel wodula mchira? Awiri otsalawo ndinawaweruza mosavuta: a Wanangwa, mafoni awiri, wina wa kuntchito wina wa kunyumba. Foni yanga ndi ya mayi a Tadala sizinaoneke pamenepo, koma ndinati n'zomveka, rauta siingalembe eni nyumba m'gulu la akuba.

Kuti nditsimikize ndinadinanso pa Interfaces paja. Pamenepo panali awiri okha, m'zilembo zikuluzikulu. Wina WAN, ndipo pansi pake manambala a intaneti imene yadutsa anali aakulu moti ndinachita kuwerenga kawiri. Apa ndinati basi, mtsogoleri wa gulu wapezeka, a Wanangwa salembanso mobisa. Winayo LAN. Ndinaganiza kanthawi, kenako ndinagwira pakamwa. Alandilodi! Munthu wokhala ku Mchesi, kutali konseko, n'kumayamwa intaneti yanga ali kunyumba kwake. Sindinakwiye n'komwe. Ndinangogoma kuti luso la masiku ano lafika patali.

Ndinatuluka panja foni ili m'manja ngati chikalata cha khoti. Onse analipo. Mayi Ethel ankachapa zovala za mubelo pampopi. A Brian anakhala pandowa akumwa tiyi, poti minibasi yawo inali kugaraja ku Biwi. A Wanangwa ankayanika nsalu pachingwe.

Ndinayamba mwaulemu, monga munthu wa mpingo. Ndinati tonse ndife abale, munthu akasowa amapempha, ndipo ine sindingakanize mnzanga intaneti yotumizira uthenga wa maliro. Koma kulowa m'nyumba mwa munthu kudzera mumphepo, ndinati, n'chimodzimodzi kulowera pawindo.

“Aneba, mukuyankhula ndi ndani?” anafunsa mayi Ethel, thovu lili m'manja.

“Ndi inu nomwe, mayi. Dzina lanu ili.”

Anapukuta manja pachitenje, anayang'ana pafoni, kenako anayang'ana ine. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kafoni ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe.

“Ndikubereni ndi ichi? Ichi chimene uthenga ukalowa ndimachita kupempha mwana andiwerengere? Bambo a Tadala, ine ndagulitsa kaunjika zaka zonsezi, palibe anandinenapo kuti ndine wakuba, ngakhale wa sokosi.”

“Mwina muli ndi ina m'nyumba,” ndinatero. (Inde, ndinatero.)

A Brian anali atabwera kudzasuzumira. Anawerenga pang'onopang'ono, akuloza ndi chala cha mafuta a galimoto.

“Madala, ine dzina langa mulibe kamzere pakati. Funsani a polisi apamsewu, amalilemba tsiku lililonse.”

“Ndiye kubisako kumeneko.”

A Wanangwa sanaseke. Anasiya nsalu mubeseni n'kuyandikira.

“Adada, mwati mwaona chiyani? WAN?”

“Mwadzitchula nokha.”

“Yayi, tamverani. Ndionetseni foniyo musanadine kalikonse. Amenewo si anthu.”

“Kuti mufufute umboni?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndi maso a namwino amene akuona wodwala akuzula yekha diripi. Kenako anati, “Chabwino. Ine ndili pompano tsiku lonse,” n'kubwerera kuchingwe chawo. Ine ndinaona ngati ndapambana mlandu.

Nditabwerera pabalaza ndinayamba ntchito. Pambali pa dzina lililonse panali batani lofiira lofufutira. Ndinayamba ndi mtsogoleri: WAN, chokani. Kenako alandilodi, LAN, chokani, lendi ndimalipira. Ndinapita ku Devices n'kuchotsa a Brian. Mayi Ethel okha batani lawo linakana kudinika, ndipo ndinati ngakhale m'makina momwe mayiwa ndi amakani. Pomaliza ndinadina batani losunga zonse zimene ndasintha.

Apa pali chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa tsemwe. Rauta inayesa kundipulumutsa. Inazungulitsa kagudumu pasikirini kwa kanthawi, kenako inalemba m'Chingerezi chaulemu kuti zimene ndachitazi zaisiyanitsa ndi foni yanga, choncho yabweza zonse mmene zinalili kuti ndisatsekeredwe kunja. Taganizani. Kabokosi kopanda maso kanaona dzenje limene ine wa maso awiri sindinalione, n'kundigwira mkono. Koma ine nditaona maina onse atabwerera, ndinati akubawa ali ndi mankhwala. Pansi panali batani lina lofiira kwambiri, loti chita basi osafunsanso. Ndinalidina ndi chala chachikulu.

Tsamba linayera. Kachizindikiro ka waifai pafoni kanayamba kuzungulira ngati kakufuna khomo. Timagetsi ta rauta tinkayakabe, koma tinali phee, osaphethira.

“Bambo a Tadala!” mawu anachokera kuchipinda. “Intaneti yachoka.”

“Ikubwera, mayi. Ndikuikonza pang'ono.”

Ndinalembanso manambala aja kuti ndilowe. Palibe. Ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso. Palibe. Ndinatulutsa simu khadi, ndinaiuzira, ndinaipukuta pamalaya, ndinaibwezera. Ndinagwedeza nyanga zonse ziwiri. Ndinathamangira pageti kukaimbira mlamu, foni inangoitana mpaka kudula yokha. Dzuwa linali litafika pamutu, ndipo nthawi ya mayeso inkayandikira.

Kenako ndinaganiza kuti mwina vuto lili pamlongoti. Makwerero a mumpanda mwathu amasungidwa kuseri kwa nyumba ya mayi Ethel, choncho ndinakawatenga akundiyang'ana, akufinya malaya ngati akufinya khosi langa. Ndinakwera. Malata anali otentha ngati chiwaya cha chipisi. Ndinatembenuza mlongoti kuloza kum'mawa, kenako kumadzulo, ndikufuula kuti, “Yabwera?” A Brian, amene palibe anawapempha, ankayankha ali pansi ngati kondakitala wothandiza kuimika galimoto: “Bwererani pang'ono, madala! Pang'ono! Mwagunda!” Potsika, msomali wa denga unagwira buluku langa kumbuyo n'kulitsegula kuyambira pathumba mpaka pabondo.

Ndinapeza mayi a Tadala ataima pakhomo, laputopu ili pachifuwa. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

“Mwachita chiyani?”

“Ndachotsa akuba.”

“Akuba ake ati?”

Ndinawatchula maina, koma mawu anga anali atachepa. M'maso mwawo munadzaza misozi imene sanailole kugwa. Nthawi imeneyo ndi pamene ndinamvetsa kukula kwa zimene ndachita: chaka chathunthu cha mkazi wanga chinali pansi pa chala changa chachikulu. Anandidutsa, anawoloka bwalo, n'kukagogoda kwa a Wanangwa, munthu amene ndinali nditangomutchula kuti mtsogoleri wa akuba.

Chitseko chinatseguka asanamalize kugogoda. Ndinamva a Wanangwa akuti, “Lowani, amama, tebulo ndakonza kale.” Kunapezeka kuti m'nyumba mwawo muli intaneti yawoyawo, yoikidwa ndi akuntchito kwawo, yamphamvu kuposa yathu kutalitali. Anawakhazika mayi a Tadala, anawalumikiza, anawaikira madzi akumwa, n'kutseka chitseko mwakachetechete. Mayeso anayamba iwo ali kale pampando.

Patapita kanthawi a Wanangwa anabwera kwathu atanyamula laputopu ndi kebulo ya buluu. Ine ndinali nditamanga chitenje cha akazi anga pamwamba pa buluku long'ambika lija. A Brian ndi mayi Ethel analowa pambuyo pawo osaodira, ndipo sindinali ndi mphamvu zowaletsa.

“Mwafufuta zingati?” anafunsa a Wanangwa.

“Zonse zimene zinalola.”

“Ndipo itakuchenjezani?”

“Ndinadina lofiira.”

Anapuma mozama. Analumikiza kebulo kuchokera pa laputopu kupita kubowo la kumbuyo kwa rauta, anapempha pini kwa mayi Ethel, anazimitsa rauta n'kuyatsanso, ndipo kagetsi kamodzi katangoyamba kuphethira anabaya kabatani kobisika kamene ine sindinkadziwa kuti kalipo. Kagetsi kaja kanayamba kuphethira mothamanga. Pa laputopu panatseguka tsamba lakuda bii, lopanda chithunzi chilichonse. Analemba mawu ochepa. Rauta inayankha. Analembanso, inayankhanso. Tonse tinaweramira laputopuyo ngati tili kumapemphero. Ine ndinkayesa kuti kabokosi kafa, koma apa kanali kucheza ndi munthu m'chinenero chawo awiri, kudzera pakhomo la kuseri limene opanga anasiyira anthu onga ine.

“Ntchito yanga ndi imeneyi, adada,” anatero osachotsa maso pa laputopu. “Ndimayang'anira netiweki ya maofesi athu. Tsopano khalani apa muone akuba anu.”

Anatembenuza rauta n'kuloza bowo limene munalowa kebulo.

“Uyu ndiye eth0.”

“Ndine bowo?” anatero mayi Ethel.

“Ndinu bowo, amama, n'chifukwa chake munakana kufufutika. Bowo sulifufuta ndi foni.” Kenako analoza nyanga. “Muno muli kawailesi kamene kamayankhula ndi mafoni anu, ndiye wlan0. Kumene kwalowa simu khadi kuli kachipangizo koyankhula ndi nsanja, ndiye wwan0. Amene anakuuzani za Devices sananame kwenikweni. M'marauta ambiri a m'sitolo, Devices amatanthauza mafoni amene alumikizidwa. Koma m'pulogalamu iyi, Devices ndi ziwalo za rauta yeniyeniyo. Mwakhala mukudula manja ake.”

“Nanga ine?” anafunsa a Brian.

“Inu ndinu mlatho. Zilembo ziwiri zoyambazo ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza mlatho. Siwachitsulo ayi, sungaugwire. Pulogalamu imaumanga yokha kuti bowo ili ndi kawailesi aka zikhale ngati bwalo limodzi, wa kebulo ndi wa foni azionana.”

A Brian anakhala tsonga. Ndikukhulupirira kuti chibadwire palibe anawatchulapo mlatho.

Ndinafunsa, mwamanyazi, kuti nanga WAN ndi LAN ndi ziwalo ziti. Anati si ziwalo, ndipo n'chifukwa chake zili patsamba lina, la Interfaces. Anayamba kufotokoza za maadiresi ndi malamulo oyankhulirana, koma ataona nkhope yanga anaima n'kutembenukira kwa a Brian.

“Minibasi yanu ili ku Biwi. Ikakhala kugaraja, ndi ya ku Area 25 kapena ya ku Kawale?”

“Ndi minibasi basi. Imakhala ya 25 ndikaika chikwangwani kutsogolo n'kukaima pamzere wa 25. Mawa nditha kuika cha Likuni.”

“Ndi zomwezo. Minibasiyo ndi device. Chikwangwani, mzere ndi msewu umene mwaipatsa, ndiye interface. Ndi ntchito imene mwaveka chiwalocho. WAN ndi msewu wotuluka kunja, kupita kudziko lonse, ndipo wavekedwa pa kachipangizo ka simu khadi. LAN ndi msewu wa m'nyumba muno, wavekedwa pa mlatho. Manambala a WAN anali aakulu chifukwa aliyense wotuluka amadutsa pamenepo.”

“Ndiye madalawa,” anatero a Brian akuwerenga ndi zala, “achotsa zikwangwani zonse, agumula mlatho, kenako akwera padenga kukafunsa chifukwa chake anthu sakukwera.”

Mayi Ethel anaseka mpaka kugwira chitseko. Ndinasekanso pang'ono, chifukwa panalibe china chochita. A Wanangwa anandichitira chifundo. Anati mawu awiriwa amasokoneza ngakhale iwo eni ntchito, chifukwa m'makina ena bowo lomwelo amalitcha interface, ndipo kuntchito kwawo anthu a madigiri amakangana mpaka tiyi kuzizira asanazindikire kuti akunena chinthu chimodzi. “Kusadziwa si mlandu,” anatero. “Koma batani lofiira lija linali lanu.”

Anamanganso mlatho ndi mizere yochepa ya zilembo. Anabwezera misewu iwiri ija. Anandituma kukabweza mlongoti kumene unkaloza poyamba (ndinakwera ndi chitenje chomwecho, musafunse zambiri). Nditatsika ndinapeza timagetsi tikuphethira monga kale, ndipo foni yanga inayamba kulira ndi mauthenga.

Apo ndi pamene anandionetsa tsamba lenileni la mafoni olumikizidwa, limene linali kwina kosiyana. Panali foni yanga ndi wailesi yakanema yathu, basi. Anapempha foni yanga, anadina pawiri patatu, n'kundibwezera kuti ndione ndekha. Wakudya bandulo anali m'thumba mwanga. Ndili m'magulu ambiri: la kumpingo, la anzathu a kusukulu, la kumudzi, la mpira, lina la anthu oweta zinziri limene sindikumbuka kuti ndinalowa liti. Foni inkakoka yokha kanema aliyense wotumizidwa m'magulu onsewa, kuphatikizapo maulaliki athunthu amene sindinawatsegulepo.

Ndinkayesa kuti zathera pamenepo, koma asanatseke laputopu anati, “Bwerani muone chinthu china.” Analemba mzere umodzi, ndipo pansi pake panayamba kutuluka mizere, umodziumodzi.

“Ndatumiza kauthenga kutsidya la nyanja, ndipo paliponse pamene kaima kakutiuza. Apa ndi pabalaza panu. Apa kafika kwa eni netiweki. Apa katuluka m'Malawi. Apa pamene nthawi ya ulendo wake yalumpha, kalowa m'chingwe chimene chinayalidwa pansi pa nyanja yamchere. Apa kafika. Ndipo kabwerera kale.”

“Pansi pa nyanja?” anafunsa mayi Ethel. “Osanyowa?”

“Kamayenda ngati kuwala, mkati mwa ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi.”

Ndinawapempha abwereze. Anabwereza. Ndinayesa kuphethira kuti ndione amene afulumire, ine kapena kauthengako, ndipo ndikatsegula maso kanali katabwera. Ndinayang'ana kabokosi kaja pakansalu kake koluka, fumbi la ku Area 25 lili panyanga. Kuchokera pambali pa chithunzi cha ukwati wathu panali msewu wopita pansi pa nyanja, ndipo paliponse pamene kauthenga kankaima panali kabokosi kena konga aka, kokhala ndi mabowo ake, milatho yake ndi zikwangwani zake, koyang'aniridwa ndi munthu wina wonga a Wanangwa amene sitidzamudziwa. Zonsezi zinkagwira ntchito usana ndi usiku kuti ine ndilandire kanema wa zinziri. Kwa kanthawi ndinaiwala ngakhale manyazi.

Manyaziwo anabwerera madzulo. Mayi Ethel ananena kuti poti ndinawaneneza pampopi mokweza, kupepesanso kukhale pampopi, mokweza chimodzimodzi. Ndinaima pamenepo n'kupepesa mmodzimmodzi, ana a mumpanda wina akusuzumira pamwamba pa khoma. Alandilodi okha sanamve, ndipo ndikupempha amene akuwadziwa asawauze. Mayi a Tadala anatuluka kwa a Wanangwa dzuwa litapendeka, anati mayeso ayenda bwino, anathokoza aliyense ndi dzina kupatula ine. Anayamba kundiyankhula bwinobwino patapita masiku, ndipo zotsatira zitatuluka kuti akhoza, munthu woyamba kumuuza anali a Wanangwa. Sindinadandaule.

Mungayese kuti munthu amene waona zoterezi amasiyiratu zogwira zinthu za eni. Inenso ndinkayesa choncho. Koma mwezi wathawu intaneti ya kushopu kwathu inaima, makina olembera malisiti n'kusiya kugwira ntchito, makasitomala ali pamzere ndi mawilibala panja. Abwana atafunsa ngati pali amene amadziwako za zinthu zimenezi, ndinangomva pakamwa panga pakunena pokha kuti, “Bwana, tiyambe taona kaye ngati vuto lili pa device kapena pa interface.”

Abwana anandiyang'ana mwaulemu umene sanandipatsepo chiyambire ntchito. Ananyamuka pampando wawo wozungulira n'kundiuza kuti ndikhalepo. Ndinakhala. Ndinatsegula tsamba la rauta, ndipo munalibe liwu ngakhale limodzi limene ndinalionapo. Ndinagwedeza mutu mwanzeru, ndinati vutoli ndi lozama, n'kupempha kuti ndipite kaye kuchimbudzi.

Kumeneko ndi kumene ndinaimbira a Wanangwa, monong'ona.

“Mwadina kale chiyani?” anafunsa.

“Palibe.”

“Zoona?”

“Zoona, mayi.”

“Yewo. Bwererani mukajambule sikiriniyo munditumizire. Mukatero, manja onse awiri muwaike m'thumba.”